Chizindikiro cha kampani si umboni woti imelo ndi yeniyeni

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akunena kuti imelo yochenjeza zoti wina walowa mu akaunti yanu, ikangokhala ndi chizindikiro cha kampani, ndi yeniyeni, dinani linkiyo msanga. Ayi ndithu. Chizindikirocho aliyense angathe kukopera, ndipo akuba amadalira mantha anu omwewo.

Machenjezo enieni alipo. Ena amabwera chifukwa inu nomwe mwalowa pa foni yatsopano. Kuti mutsimikize, musadine kalikonse mu imeloyo. Tsegulani app nokha, pitani pa zachitetezo, muone mafoni ndi makompyuta amene alowa. Mukapeza chachilendo, sinthani pasiwedi pomwepo. Yang'anitsitsaninso adiresi ya wotumiza, poti nthawi zina amangosintha chilembo chimodzi.

Chonde, musamatumize m'magulu uphungu womwe simunautsimikize.