Foni M'wodi: Uthenga kwa Odwala ndi Magadiyani

Mvula ikangoyamba, ife anamwino timadziwa kuti kubwera zinthu ziwiri nthawi imodzi: odwala otsegula m'mimba, ndi ma voice note a pa WhatsApp. Uthengawu ndi wa inu amene mwagonekedwa m'chipatala, komanso inu amene mukudikirira wodwala.

Kunjaku kukumveka zoti anesi amadana ndi foni, ati timakuletsani chifukwa tili ndi zobisa. Si zoona. Ndi foni yomweyo imene mumaitanira m'bale kuti adzapereke magazi, kapena kulandirira ndalama pa Mpamba ndi Airtel Money yogulira nkhuni ndi ndiwo. Magetsi atazima, enafe tidalowetsapo kanyula, kapaipi kolowetsa mu mtsempha kodzera dilipi, gadiyani akutiunikira ndi tochi ya foni yake. Chimene chimatisowetsa tulo ndi china: wodwala amene akufunsa foni pamene namwino waima pambali pa bedi lake, mankhwala ali m'manja.

Zinazi tizitchule mwachangu. Foni imanyamula tizilombo toyambitsa matenda. Mumalowa nayo kuchimbudzi, mumaigwira mutangochotsa thewera, kenako ili pa tsaya, kenako mwana akuiluma. Sambani m'manja ndi sopo, ndipo foniyo muziipukuta ndi kansalu konyowetsa pang'ono ndi sipiliti. Kumalo ogonekako odwala kolera musamabwerekane foni ngakhale pang'ono. Usiku tsitsani voliyumu, mnzanu wa bedi linalo wangochoka kufiyeta. Musajambule wodwala wina, kaya chithunzi kaya vidiyo. Mayi amene ali pa ululu wa kubereka sanavomere kuti mudzi wonse umuone pa Facebook. Ndipo chonde, pulagi iliyonse imene mwaipeza pa soketi musaizule kuti muikepo tchaja. Mwina ndi ya makina opereka okosijeni, ndipo kumapeto kwa kapaipi kake kuli khanda limene silingapume palokha. Pafupi ndi silinda ya okosijeni musatchajirepo, tchaja yothetheka ikhoza kubutsa moto. Funsani, tikuonetsani poyenera.

Zonsezi anthu amamva tikawauza kamodzi. Chovuta ndi chija cha kufunsa foni.

Usiku wina kuchipatala china kudabwera mayi atabereka kumsana mwana wa zaka ngati zisanu. Maso anali atalowa m'kati, milomo gwa, ndipo nditatsina khungu la pamimba lidakhala choncho osabwerera. Pamkono sindinkamva kugunda kwa mtima. Ndidatenga kanyula. Mayi adandigwira dzanja: "Anesi, tadikirani kaye, ndiwaimbire atsibweni ake." Mayunitsi panalibe. Adabwereka foni ya mnzake, netiweki ikudukaduka. Kenako adandimvetsa voice note imene adatumiziridwa ali m'njira, mawu a bambo wosadziwika dzina akunena kuti aliyense wolandira dilipi kuchipatala satulukako wamoyo. Mayiyo sanali wopusa. Anali ndi mantha, ndipo ankamukonda mwana wake. Koma nthawi yonse imene tinkakambirana, mitsempha ya mwanayo inkafota, moti pamene adavomera tidavutika koopsa kuti tipeze pobaya. Mwanayo adachira, koma padangotsala pang'ono.

Kolera sadikira kuti atsibweni ayankhe foni. Munthu wotsegula m'mimba zamadzi ngati otsukira mpunga amataya madzi ndi mchere wa m'thupi mofulumira kwambiri, ndipo akhoza kumwalira m'maola ochepa chabe. Akalandira chithandizo msanga, pa anthu 100 odwala kolera omwalira safika ngakhale mmodzi. Mliri umene udayamba m'mwezi wa Malichi 2022 ku Machinga udafalikira dziko lonse ndi kupha anthu opitirira 1,700. Nthawi imeneyo mphekesera zoti azaumoyo ndi amene akufalitsa matendawa zidayenda kwambiri pa mafoni, ndipo anthu ena adasunga odwala kunyumba mpaka kufika nawo kuchipatala mochedwa. Amamwalira ali pa dilipi amenewa, inde, koma chimene chidawapha ndi maola amene adatayika dilipiyo isanaikidwe. Kenako wina amajambula mawu kuti "mwaona, dilipi yapha," uthengawo n'kuchedwetsanso banja lina.

M'dilipi mulibe chinsinsi. Imene timaika kwa wodwala kolera nthawi zambiri ndi Ringer's lactate, madzi oyera osakaniza ndi mchere wofanana ndi umene thupi lataya. Dzina lake lalembedwa pa thumbalo, pamodzi ndi tsiku lothera mphamvu. Tiuzeni tikuwerengereni. Ngati mukufuna, jambulani thumbalo mutumizire amene mukumukhulupirira, koma lijambuleni madziwo akulowa m'thupi.

Tikudziwa mwambo wathu. Mwana ali ndi eni ake, ndipo mayi sangafune kuti mawa adzamunene kuti adavomera zinthu payekha. Sitikunena kuti musawauze akubanja. Aimbireni mukadali m'njira, muwauze kuti mukupita kuchipatala ndipo mukavomera chithandizo chimene adokotala akanene. Mukafika, imbani ife tikugwira ntchito. Ngati akukana, tipatseni foniyo tilankhule nawo tokha. Ambiri akamva kuchokera kwa namwino mmene mwanayo alili, amati, "Pitirizani anesi, ife tikubwera." Munthu amene ali ku Johannesburg kapena kumudzi sakumuona wodwalayo, inu ndi ife ndi amene tikumuona.

Si kolera yekha ayi. Ku wodi ya amayi oyembekezera timamva agogo pa foni akulangiza kuti amwe mwanamphepo mobisa kuti matenda afulumire. Mankhwala amenewo amalimbitsa ululu mopitirira muyeso, chiberekero chikhoza kuphulika, mwana n'kubanika. Ku wodi ya ana, mwana amene malungo amuthera magazi amagona kudikira kuti bambo ake ayatse foni avomereze kuti aikidwe magazi. Ena amasiya ma ARV kapena mankhwala a shuga chifukwa gulupu ya WhatsApp yati kuli chitsamba chochiritsiratu. Uthenga uliwonse wokuuzani kuti mukane, musiye kapena muzule chithandizo, wopanda dzina la wolankhula, wotha ndi mawu oti "tumizani kwa ena," musautumize. Bwerani nawo kwa ife tiumvere limodzi. Sitikusekani.

Nafenso tili ndi zolakwa zathu. Alipo anamwino amene amakalipa akaona wodwala ali pa foni, ndipo alipo amene amakhala pa foni yawo wodwala akuitana. Zimenezo si zabwino, ndipo sitikuzibisa. Namwino akakulankhulani mwachipongwe, kanenani kwa wamkulu wa wodiyo kapena kwa ombudsman, amene amamva madandaulo a odwala, kuchipatala kumene alipo. Muli ndi ufulu wofunsa dzina la mankhwala, ntchito yake ndi zovuta zake, ndipo tiyenera kukuyankhani. Koma musazule dilipi chifukwa nesi wakukwiyitsani, ndipo musathawe ndi wodwala usiku chifukwa cha mawu a pa foni. Amene amavutika ndi wodwalayo.

Ngati muli kunyumba ndipo mukufuna uphungu wa pa foni, ulipo wodalirika. Chipatala Cha Pa Foni, chimene chidayambira ku Balaka mu 2011 ndipo tsopano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo, chimayankhidwa ndi azaumoyo ophunzitsidwa. Kuimba kwake n'kwaulere, nambala yake funsani azaumoyo. Koma munthu akayamba kutsegula m'mimba zamadzi kangapo motsatizana, akusanza, miyendo ikukokana, maso akulowa, musayambe ndi kulemba pa gulupu kufunsa kuti mwina n'chiyani. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi ORS mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira kolorini, muyambe kumumwetsa pang'onopang'ono, ndipo nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa m'njira. Foniyo muitanire kabaza kapena galimoto, ndipo mukafika pakhomo la wodi muuze namwino ola limene kutsegulako kudayamba.