Mbiri yakale si kuloweza zaka

Makolo ambiri amene amaphunzitsa ana kunyumba amasiya phunziro la mbiri yakale mpaka mwana atasinkhuka. Amati wa zaka 6 sangasunge zaka ndi mayina a mafumu. Maganizowa tinachoka nawo m'kalasi, momwe tinkaloweza 1891, 1915 ndi 1964 kuti tikhoze mayeso. Zimandimvetsa chisoni, chifukwa mwana wamng'ono ndiye amakonda nkhani kuposa tonsefe, ndipo mbiri imayambira pa nkhani. Zaka zimabwera pambuyo.

Tulutsani K500 m'thumba, mumuonetse nkhope ya John Chilembwe. Muuzeni za m'busa wa ku Mbombwe, ku Chiradzulu, amene anamanga tchalitchi ndi sukulu, nakana nkhanza za thangata. Afunsa yekha kuti, "Amayi, thangata n'chiyani?"

Manja nawonso amaphunzira. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula pamiyala, omwe UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira anajambula Akafula, zoyera anajambula Achewa. Mwanayo akande katondo ndi madzi pang'ono, ajambule ndi chala timizere ndi ng'ona pa miyala iwiri yafulati. Wina ausiye pabwalo, wina pakhonde. Mvula ikagwa, wapabwalo ukokoloka n'kutsala mbuu, wapakhonde ukhala momwemo. Pamenepo mufunseni chifukwa chake zojambula za ku Chongoni zimapezeka m'mapanga ndi kunsi kwa matanthwe.