Diso linachotsedwa inde, koma khansa itha kumeranso pamalo pomwepo

Abale, funso lakuti "adokotala, diso munachotsa kale ndiye chatupachi nchiyaninso?" landitopetsa. Kuchotsa diso sikutanthauza kuti khansa yonse yapita nalo.

Kwa ana khansa yake ndi retinoblastoma, ija imayamba ndi kuyera pakati pa diso ngati diso la mphaka usiku, kawirikawiri mwana asanakwane zaka 5. Khansayi imayenda mu mtsempha wochoka kudiso kupita ku ubongo, ife pochotsa diso timadula mtsemphawo patali ndithu koma ngati mwana anabwera mochedwa imakhala itadutsa kale pomwe tadulapo, kapena itaboola diso nkulowa mu mnofu wa kuseri. Nchifukwa chake disolo timalitumiza ku labu, ndipo rizati yake ndi imene imatiuza ngati mwana akufunika kemo, mankhwala olimbana ndi khansa m'thupi. Koma ambiri bala likangouma basi ulendo wa kumudzi, rizati osadzaimva, tsiku la chekapu osabwera.

Khansayi ikamabwerera sichedwa, nthawi zambiri ndi mkati mwa miyezi 12 chichitikireni opaleshoni. Diso loikirira, lomwe timaika m'malo mwa lochotsedwalo, ngati linkakhala bwinobwino kenaka nkuyamba kugwa lokha pafupipafupi, musamangolibwezera, mwina pali chimene chikulikankha mkatimo. Chikope kutupa, kamnofu kofiira kumera, timagazi kapena mafinya onunkha, mwana kumangolira ndi mutu, zonsezi nzothamangira kuchipatala.

Pali kamtsikana kena kamandiwawabe mtima. Opaleshoni inayenda bwino, kemo anayamba, kenaka achibale anati mankhwalawa akumuthothola tsitsi mwana, izi nza anthu, tiyeni kwa asing'anga. Anakamutema mphini pachipumi, nkumafinyira madzi a masamba pabalapo. Pobwera nako chotupa chinali chitatulukira panja, khansa itafika kale ku ubongo, chomwe tinatha nkungochepetsa ululu. Mayi ake sindiwada ayi, mwana amamukonda, ine mkwiyo wanga uli pa munthu amene analandira ndalama zawo akuona ndi maso kuti chinthucho chikukulirakulira.

Akuluakulu nanunso zikukukhudzani. Khansa ija imayamba ngati kamnofu pa choyera cha diso, imene imakonda anthu omwe ali ndi HIV komanso okhalitsa padzuwa, nayonso imameranso ngakhale diso litachotsedwa. Ma ARV musasiye, koma paokha sachotsa chotupa.

Mukaona kusintha kulikonse musadikire tsiku lolembedwa m'buku la kuchipatala, ndipo musagule mankhwala odontheza pa golosale. Tengani bukulo mupite ku Lions Sight First pa Queens ku Blantyre, kapena ku maso pa Kamuzu Central, Zomba Central, Mzuzu Central. Transipoti ikavuta yambirani pa chipatala cha boma chapafupi akutumizeni sabata yomweyo.