Mwana wa Athena ndi mkangano wa khungu: komwe nkhani ya Percy Jackson inachokera

Chaka cha 2025 chinakwanitsa zaka 20 chitulukireni buku la Rick Riordan la The Lightning Thief, lomwe linayambitsa nkhani za Percy Jackson, ndipo mu Disembala chaka chomwecho Disney+ inatulutsa gawo lachiwiri la sewero lake la pa TV. Nthawi iliyonse seweroli likamabwerera, pa intaneti pamadzukanso mkangano womwe unabuka mu Meyi 2022, pamene kunalengezedwa kuti Leah Sava Jeffries, mtsikana wakuda wa zaka 12, ndiye adzakhale Annabeth Chase, mnzake wa Percy. M'mabuku Annabeth ndi mzungu wa tsitsi lagolide ndi maso otuwa, mwana wa mulungu wamkazi wanzeru Athena. Okwiyawo ankati buku lisasinthidwe, ena n'kuwonjezera kuti nthano za Agiriki zili ndi eni ake. Funso lomwe ine linandigwira ndi lakuti: pa nthano zomwe zadutsa m'kamwa mwa anthu zaka pafupifupi 3,000, choyambirira chomwe sichiyenera kusinthidwacho ndi chiti?

Kuphikira ana nthano za Agiriki sikunayambe ndi Rick Riordan. Mu 1851 Nathaniel Hawthorne wa ku America anatulutsa A Wonder-Book for Girls and Boys, ndipo sanabise kuti akuziumba mmene iye akufunira. Pandora, mkazi yemwe anatsegula bokosi la mavuto a dziko, anamusandutsa kamwana kachidwi. Mfumu Midas, yomwe chilichonse chimene yakhudza chinkasanduka golide, anaipatsa mwana wamkazi dzina lake Marygold, amene anauma gwa n'kukhala chosema chagolide atakumbatirana ndi bambo ake. Anthu ambiri lero amaganiza kuti mwanayu ndi wa m'nthano yakale, koma kwa Ovid, mlakatuli wa ku Roma yemwe anasimba za Midas, mulibemo. Pambuyo pake panabwera mabuku ambiri otere, lotchuka kwambiri m'masukulu a ku America likhala la banja la d'Aulaire la mu 1962. Onsewa ankasimba zakale ngati zakale, atachotsamo zachigololo za Zeus, mfumu ya milungu, ndi zina zosayenera makutu a ana. Milungu inali kutali, paphiri lake.

Riordan anabadwa mu 1964 ku San Antonio, m'chigawo cha Texas. Anaphunzitsa Chingelezi ndi mbiri kwa zaka pafupifupi 15, ku San Francisco komanso kwawo, ndipo ankalembanso mabuku a akuluakulu a wofufuza milandu Tres Navarre, loyamba mu 1997. Palibe chomwe chinkasonyeza kuti adzakhala wolembera ana.

Pomwe zinthu zinakhotera ndi kuchipinda kogona kwa mwana wake wamwamuna. Mwanayo anapezeka ndi mavuto awiri: la dyslexia, lomwe limachititsa kuti kuwerenga zilembo kukhale kovuta, ndi la ADHD, lolephera kukhazikika pa chinthu chimodzi. Sukulu ankadana nayo, kupatula phunziro limodzi la nthano za Agiriki. Ndiye usiku ankapempha bambo ake kuti amusimbire za milungu ndi ngwazi zija. Bamboyo, poti anaziphunzitsa kwa zaka, anasimba mpaka thumba linatha. Mwana sanamve zimenezo. Anati apeke ina yatsopano, koma anthu ake akhale omwewo. Riordan anakumbukira ntchito yomwe ankapatsa ana a m'kalasi mwake, yoti aliyense apeke ngwazi yobadwa kwa mulungu ndi munthu n'kuitumiza pa ulendo woopsa. Anatero, ndipo panatuluka mnyamata wa zaka 12 wa ku New York, wochotsedwa sukulu ndi sukulu, yemwe akunamiziridwa kuti waba mphezi ya Zeus. Kusimbako kunatenga mausiku atatu. Atamaliza, mwanayo anati: lembani buku.

Ndinene pano kuti nkhani ya mausiku atatuyi timaimva kwa Riordan mwiniwake, yemwe waibwereza kambirimbiri pofunsidwa. Kuchipindako kunalibe mtolankhani, ndipo nkhani yomwe wolemba amakonda kusimba za chiyambi cha buku lake imasalala ikamabwerezedwa. Koma bukulo limamuchitira umboni, chifukwa chilichonse mmenemo chinasokedwa pa msinkhu wa womvetsera mmodzi uja. Percy ali ndi dyslexia ndi ADHD. Atafika ku Camp Half-Blood, msasa wa ana a milungu ku Long Island, amauzidwa kuti zilembo za Chingelezi zimamuvuta chifukwa ubongo wake unalengedwera Chigiriki chakale, ndipo kusakhazikika kuja ndi tcheru chomwe chidzamupulumutse pankhondo. Zomwe aphunzitsi ankaziona ngati chilema, bambo anazitembenuza kukhala chizindikiro cha ufumu. Tonse amene tinakulira pa "Padangokhala" ndi "Tili tonse" tikudziwa kuti agogo sasimba za Kalulu mofanana kwa mwana wamwano ndi kwa mwana wamantha.

Chachiwiri chomwe anachita ndi kutsitsa milungu paphiri. Olympus, kwawo kwa milunguyo, anaiika pamwamba pa Empire State Building, nyumba yosanja yaitali ya ku New York, pa nsanjika ya 600 yomwe kulibe, ndipo khomo la dziko la akufa analiika ku Los Angeles. Ndipo anatenga khalidwe la milungu lomwe olembera ana akale ankalibisa, lobereka ana paliponse n'kuwasiya, n'kulipanga mtima wa nkhani yonse. Percy waleredwa ndi mayi ake, m'nyumba ya bambo womupeza wankhanza, osadziwa kuti bambo ake enieni ndi Poseidon, mulungu wa nyanja. Luke, mdani wake, ndi mwana yemwe anatopa kudikira bambo. Pomaliza pa buku lachisanu, The Last Olympian la mu 2009, Percy amakana kukhala wosafa, m'malo mwake amalumbiritsa milungu kuti izivomera ana awo. Ine ndimaona kuti mabukuwa anagulidwa kwambiri chifukwa cha bala limeneli, kuposa zilombo ndi malupanga.

Sikuti onse anakondwera. Mu 2014 Rebecca Mead analemba mu The New Yorker kudandaula kuti chilankhulo cha nthabwala cha mabukuwa chingachititse ana kuona mabuku ngati la d'Aulaire lija kukhala ozizira, ndipo anakayikira zoti kuwerenga chilichonse n'kwabwino bola mwana akuwerenga. Dandaulo lake silopanda pake. Kungoti mwana yemwe nkhaniyi inapekedwera sanali kusankha pakati pa Riordan ndi Homer, mlakatuli wakale wa Agiriki. Iye ankabisala kuti asawerenge n'komwe.

Kuti timvetse ukali womwe Riordan anayankhira nawo mkangano wa mu 2022 tiyenera kubwerera ku 2009. Ufulu wopanga filimu anaugulitsa ku 20th Century Fox buku lisanafike n'komwe m'sitolo, ndipo analibe mphamvu pa zomwe zidzajambulidwe. Filimu inatuluka mu Febuluwale 2010, motsogozedwa ndi Chris Columbus, yemwe anatsogoleranso mafilimu awiri oyamba a Harry Potter. Percy wa zaka 12 uja anakhala mnyamata wamkulu, Logan Lerman. Mu 2018 Riordan anaulutsa zigawo za makalata omwe analembera okonza filimuyo mu 2009. Anawachenjeza kuti kukulitsa ana kupha nkhani, pakuti mabuku asanuwo ndi ulendo wa mwana kuchoka zaka 12 kufika 16, ndipo ulosi womwe wagwira nkhani yonse umadikira tsiku lomwe adzakwanitse zaka 16. Zolemba za filimuyo anazinena mosabisa kuti n'zoipa, n'kudzipereka kuti azikonze yekha. Sanamumvere. Makalatawa ndi a mbali imodzi, ndipo anasankha yekha zoti tione. Mayankho a Fox sanawaikepo. Komabe zomwe ananeneratu zinachitika: filimu yachiwiri ya mu 2013 inali yomaliza, mabuku atatu otsalawo osajambulidwa.

Pali kanthu kena ka nthawi imeneyo komwe anthu amakaiwala. Annabeth wa mu 2010, Alexandra Daddario, anali mzungu koma wa tsitsi lakuda mofiirira, ndipo okonda mabuku anadandaula mpaka mu filimu yachiwiri tsitsi linasintha mtundu. Izi zikusonyeza kuti si aliyense wolira tsitsi la Annabeth amene ali ndi tsankho. Alipo owerenga omwe amangofuna chithunzi cha m'mutu mwawo chioneke pa kanema, ndipo analipo kale. Koma Daddario sanakumane ndi zomwe anakumana nazo Jeffries.

Disney itagula Fox mu 2019, ufulu uja unalowa m'nyumba yomwe inkasindikiza kale mabukuwo, ndipo mu Meyi 2020 Riordan analengeza za sewero la pa TV lomwe iye adzakhale nawo pakati polemba ndi posankha osewera. Ulendo uno anaumirira pa msinkhu. Walker Scobell anasankhidwa kukhala Percy, ngakhale tsitsi lake ndi loyera pomwe la Percy wa m'buku ndi lakuda bii. Aryan Simhadri anakhala Grover, mnzake wa miyendo ya mbuzi. Ndiye mwa atatuwo palibe yemwe ankafanana ndi za m'buku. Matope onse anagwera mtsikana. Patangopita masiku ochepa Riordan analemba kalata yapoyera, yonena kuti osewerawo anasakidwa kwa nthawi yaitali mosayang'ana mtundu, kuti Jeffries anaposa onse, kuti wokwiya akwiyire iye osati mwana, ndipo kuti kuweruza mtsikanayo poona khungu lake asanasewere ngakhale kamodzi ndi kusankhana mitundu basi. Munthu yemwe mu 2009 ankalimbana ndi Fox kuti isasinthe buku, tsopano ankanenedwa kuti wasintha buku. Iye sanaone kutsutsana kulikonse: zaka za ana zimanyamula nkhani, mtundu wa tsitsi sunyamula kanthu.

Naye Riordan wapunthwapo pa nkhani zotere. Owerenga ena anamudzudzula pa momwe analembera Piper McLean, mtsikana wa mtundu wa Cherokee, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a ku America, ndi Samirah al-Abbas, Msilamu wa m'mabuku a Magnus Chase. Ndipo atauzidwa kangapo kuti alembe za milungu ya Ahindu kapena ya mitundu ina, anakana nati si zake. M'malo mwake anatsegula nthambi yosindikiza ya Rick Riordan Presents, yomwe inayamba mu 2018 ndi Aru Shah and the End of Time la Roshani Chokshi, kenako mu 2019 Tristan Strong la Kwame Mbalia, momwe muli kangaude Anansi wa ku West Africa. Apa anavomereza kuti nthano zina zili ndi eni amoyo. Otsutsa amafunsa chifukwa chake za Agiriki zokha zikhale za aliyense, ndipo funsoli ndi lolemera kuposa la tsitsi. Yankho lomwe ndingapereke ndi lakuti Aroma, ojambula a ku Ulaya ndi aphunzitsi onga Hawthorne anakhala akuzitenga kwa zaka 2,000, ndipo palibe anafuula pamene ankazijambula ndi nkhope za kwawo.

Tikati titsatire zakale ndendende, Annabeth sayenera kukhalapo n'komwe. Athena anali namwali wosadziwa mwamuna, ndipo dzina la kachisi wake Parthenon likuchokera pamenepo. Riordan anachita kuzemba, nati ana a Athena amabadwa m'maganizo mwake monga iye anatulukira m'mutu mwa Zeus. Mwana wobadwa m'maganizo angatengere tsitsi la ndani, sindikudziwa kuti tingafunse kwa yani.

Ndiye pali Perseus, ngwazi yomwe Percy anatchulidwira dzina. Mkazi yemwe anamupulumutsa ku chilombo cha m'nyanja n'kumukwatira, Andromeda, anali mwana wa mfumu ya Aithiopia. Apa tisathamange. Aithiopia wa Agiriki si Ethiopia wa lero. Linali dzina la maiko a kumalekezero, a anthu a nkhope zopsa ndi dzuwa, ndipo olemba ena akale ankati mwala womwe Andromeda anamangidwapo unali ku Joppa, gombe la Palestina. Ovid mwiniwake sagwirizana ndi iye yekha: mu Metamorphoses amamuyerekeza ndi chosema cha mwala woyera wa mabo, koma m'ndakatulo ina amanena mosabisa kuti anali wakuda, mtundu wa kwawo. Ojambula ambiri a ku Ulaya anasankha woyera, ndipo Elizabeth McGrath, katswiri wa mbiri ya zojambula, anafufuza za kuyeretsedwa kumeneku mu nkhani yake ya mu 1992. Hawthorne, posimbira ana za Perseus, anangomudutsa m'chiganizo chimodzi ngati namwali wokongola, dzina osamutchula. Ndipo koyambirira kwa Odyssey, ndakatulo yaitali ya Homer, pamene milungu yasonkhana kukambirana za Odysseus, mpando wa Poseidon uli wopanda munthu. Homer akuti bambo ake a Percy anali atapita kutali kwa Aithiopia, kukadya phwando la ng'ombe ndi nkhosa.