Kudilita si kutaya, kusiya si kusunga

Pa ntchito yanga yoyang'anira zikalata za mabungwe pali madandaulo awiri amene sasowa. Wina amabwera atakwiya: "Fayilo ija ndinaidilita chaka chatha, nanga bwanji a IT akuti ikadalipo?" Mnzake amabwera nkhope itagwa: "Sindinakhudze kanthu, koma maimelo anga onse akale asowa." Onse awiri amanena zoona, ndipo amene wawachita zimenezi ndi mmodzi yemweyo: malamulo osungira ndi kutayira zikalata amene bungwe lawo linaika mu pulogalamu ya ofesi, kaya ndi Microsoft 365 kapena Google Workspace.

Pepala likakhala mu kabati, kulitaya kumafuna munthu, manja ndi moto kapena makina onyenyera. Zikalata za mu cloud zimakhala pa makompyuta a kampani ina, ndipo batani la Delete limene mumadina sililamula kanthu, limangopempha. Mu SharePoint ndi OneDrive ya kuntchito, malo osungira mafayilo a Microsoft 365, fayilo yodilitidwa imakhala m'bini masiku 93. Imelo imene mwaichotsa ngakhale mu Deleted Items imabisala masiku 14 mu foda yotchedwa Recoverable Items, ndipo woyang'anira makompyuta akhoza kuwonjezera masikuwo kufika 30. Bini ya Google Drive imasunga masiku 30. Izi ndi za aliyense, popanda lamulo lililonse lapadera. Bungwe likaika lamulo loti zinthu zisungidwe, nkhani imasintha. Mukadilita fayilo mu SharePoint, kope yake imapita mwakachetechete ku malo obisika otchedwa Preservation Hold Library, kumene inu simungafike koma maloya ndi ofufuza amafika. Kopeyo imadya malo pa sitoreji ya bungwe ngati fayilo ina iliyonse. Walira mvula walira matope.

Mwina mukuti, bwanji osangosunga zonse mpaka kalekale, mutu usapweteke? Kapena bwanji osamuleka aliyense kutaya zimene watopa nazo? Njira zonse ziwirizi zinagwetsapo makampani m'mavuto. Mu 2001, pamene kampani ya Enron ku America inali kugwa, antchito a Arthur Andersen, omwe anali maodita ake, ananyenya milumilu ya mapepala. Chochititsa chidwi n'chakuti iwo ankati akungotsatira ndondomeko ya kampani yawo yosungira ndi kutaya zikalata, ndondomeko imene anaikumbukira ofufuza atayandikira kale. Khoti linaipeza kampaniyo yolakwa mu 2002, ndipo ngakhale Khoti Lalikulu linathetsa chigamulocho mu 2005, kampani inali itatha kale. Lamulo la Sarbanes-Oxley la 2002 linabadwa m'phulusa lomwelo, ndipo maodita a makampani amene masheya awo amagulitsidwa pa msika ku America amayenera kusunga mapepala a ntchito yawo zaka 7. Mbali inayo kuli lamulo la GDPR la ku Ulaya, limene linayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018. Ilo limati zinthu zokhudza munthu zisasungidwe kupitirira nthawi imene zikufunikira. Mu 2019 akuluakulu oteteza zinsinsi za anthu ku Berlin analamula kampani yobwereketsa nyumba ya Deutsche Wohnen kulipira mayuro 14.5 miliyoni chifukwa malo ake osungira zikalata analibe njira yochotsera mapepala akale a anthu ochita lendi. Mlanduwo unakokedwa m'makhoti zaka zambiri, koma chimene anthu a ntchito yathu anamva n'chakuti kusataya nakonso ndi mlandu.

Ndiye pulogalamu iyenera kuchita zonse ziwiri, kugwira ndi kutaya pa nthawi yake. Mu Microsoft 365 zimenezi zimakonzedwa mu Purview, dzina limene malowa anapatsidwa mu 2022, ndipo zida zake zazikulu ndi ziwiri. Choyamba ndi retention policy. Iyi imaphimba malo onse: bokosi lonse la imelo, saiti yonse ya SharePoint, macheza a pa Teams. Wogwira ntchito saiona, ndipo saisankha. Chachiwiri ndi retention label, imene ndiziitcha lebulo. Lebulo imamatidwa pa chinthu chimodzichimodzi, kontrakiti iyi, imelo iyo, ndipo imayenda nacho chikasamutsidwira foda ina mkati mwa bungwe lomwelo. Chinthu chimodzi chimanyamula lebulo yosungira imodzi yokha, koma chikhoza kuphimbidwa ndi ma policy angapo nthawi imodzi.

Apa m'pamene anthu amasokonezeka, chifukwa malamulowo amatha kutsutsana. Tiyerekeze kuti bungwe linaika policy yoti imelo iliyonse ifufutidwe ikakwanitsa zaka 2, koma imelo ina yamatidwa lebulo yoti isungidwe zaka 6. Imene ipambane ndi iti? Kusunga kumaposa kufufuta, motero imeloyo ikhala zaka 6, ndipo kufufuta kuja kudikira mpaka nthawiyo ithe. Malamulo awiri osunga akakumana, lalitali ndilo limagwira. Pa nkhani ya tsiku lofufutira, mawu a lebulo amaposa mawu a policy, chifukwa lebulo inaikidwa pa chinthucho mwachindunji. Zonsezi zikalephera kulekanitsa, nthawi yaifupi yofufutira ndiyo imatsatidwa. Pamwamba pa zonse pali hold, chiletso chimene chimaikidwa mlandu kapena kafukufuku akayamba. Hold ikagwira bokosi la imelo la munthu, palibe chimene chimafufutika kotheratu mpaka itachotsedwa. Google Vault, chida cha Google cha ntchito yomweyi, nayo imachita chimodzimodzi, hold imaposa lamulo lililonse lofufuta.

Koma zonsezi munthu akhoza kuziphunzira tsiku limodzi. Chimene chimavuta, ndipo chimene ndimathera nacho nthawi yambiri m'misonkhano, ndi funso looneka lachibwana: wotchi iyambe liti?

Mukauzidwa kuti "makontrakiti azisungidwa zaka 6," mwauzidwa theka la nkhani. Zaka 6 kuyambira tsiku liti? Pulogalamu imakupatsani zosankha: tsiku limene fayilo inapangidwa, tsiku limene inasinthidwa komaliza, tsiku limene lebulo inamatidwa, kapena tsiku limene chinthu china chachitika. Chilichonse chili ndi msampha wake. Mukasankha tsiku lopangidwa, kontrakiti ya zaka 10 idzafufutidwa isanathe n'komwe, mukadali pa mgwirizano ndi mnzanuyo. Mukasankha tsiku losinthidwa komaliza, munthu wongotsegula fayilo n'kukonza chilembo chimodzi wabweza wotchi pa ziro, ndipo fayilo imene inayenera kupita mawa yapatsidwa zaka zina 6. Tsiku lomata lebulo limanamiza pamene bungwe likusamutsa zikalata zakale: fayilo ya zaka 15 imaoneka ngati yabadwa lero.

Njira yachinayi ndiyo imagwirizana ndi mmene malamulo ambiri amalembedwera. Fayilo ya wantchito imasungidwa zaka zakutizakuti iye atachoka ntchito. Kontrakiti, itatha. Zikalata za makina, makinawo atasiya kugwiritsidwa ntchito. Pulogalamu imatha kudikira chochitikacho, koma siidziwa yokha kuti chachitika, pafunika munthu kapena pulogalamu ina yoiuza. Ndinagwirapo ntchito ndi bungwe lina limene linakonza malebulo a mafayilo a antchito mwaluso kwambiri, wotchi yoyamba pa tsiku lochoka ntchito. Patapita zaka tinapeza kuti palibe ngakhale fayilo imodzi imene wotchi yake inayamba. A HR ankaganiza kuti a IT ndiwo amalowetsa tsikulo, a IT ankaganiza kuti ndi a HR. Mafayilo a anthu amene anachoka kalekale, ena anamwalira, anali phee, kudikira belu limene palibe analiliza. Pulogalamu sinalakwe kanthu. Sinauzidwe.

N'chifukwa chake ine ndimakana kutsegula Purview kapena Vault ndisanaone pepala limodzi lolembedwa ndi anthu: mndandanda wa mitundu ya zikalata, nthawi ya uliwonse, lamulo kapena chifukwa chimene nthawiyo yachokera, tsiku loyambira kuwerenga, ndi dzina la udindo wa amene adzavomereze kuti zitayidwe. Pepala limeneli si la a IT. A IT sadziwa kuti lamulo la msonkho la dziko lanu limafuna zaka zingati, ndipo si bwino kuwasiya aganizire. Mlingo wa padziko lonse wa kasungidwe ka zikalata, ISO 15489, umene unatuluka mu 2001 n'kukonzedwanso mu 2016, umayambira pomwepa: dziwani kaye ntchito imene bungwe limagwira ndi umboni umene ntchitoyo imafuna, makina abwere pambuyo.

Lebulo imathanso kulengeza kuti chinthu ndi record, ndiye kuti umboni wa bungwe umene suyenera kusinthidwa. Fayilo yotere imakana kudilitidwa, ndipo zolembedwa mkati mwake zimatsekedwa. Pali mtundu wina woopsa kuposa pamenepa, regulatory record. Lebulo imeneyi ikamatidwa palibe angaichotse, ngakhale woyang'anira wamkulu wa makompyuta onse, ndipo nthawi yake siingafupikitsidwe. Microsoft enieniwo anaibisa, kuti ioneke pamafunika kuyatsa kaye ndi PowerShell, chida chimene oyang'anira makompyuta amalembamo malamulo. Inapangidwira makampani okhala pansi pa malamulo okhwima monga Rule 17a-4 ya SEC, bungwe loyang'anira misika ya masheya ku America, yokhudza ogulitsa masheya. Ngati palibe lamulo lokukakamizani, isiyeni. Ndaonapo anthu akuifuna chifukwa choti dzina lake likumveka laulemu.

Ndikumbutse pang'ono za chisokonezo china. Lebulo imene imalemba kuti Confidential pamwamba pa chikalata chanu cha Word ndi ina, imatchedwa sensitivity label. Ntchito yake ndi kunena amene angaone fayilo, ndipo nthawi zina kuitseka kuti mlendo asaiwerenge. Za nthawi yosunga siidziwa kanthu. Fayilo imodzi ikhoza kukhala ndi zonse ziwiri.

Malebulo akhale angati? Maganizo anga ndi akuti ochepa kuposa amene mukufuna. Bungwe likapatsa mlembi mndandanda wa malebulo makumi angapo, iye amasankha woyamba pamwamba kapena sasankha n'komwe, ndipo sindimudzudzula. Anthu analembedwa ntchito yogulitsa, yowerengera ndalama, yochiza, osati yosanja mafayilo. Chimene chimagwira ntchito ndi kuika lebulo pa foda kapena pa laibulale yonse ya SharePoint, kuti chilichonse choikidwamo chiitenge chokha. Munthu amadziwa kale kuti ma invoisi amapita mu foda ya ma invoisi, musamufunsenso funso lachiwiri. Pulogalamu imathanso kumata malebulo yokha poyang'ana mawu a mkati mwa fayilo, koma izi zimafuna laisensi yapamwamba monga E5, ndipo zimafuna kuyesa kaye musanazikhulupirire. Mukafalitsa lebulo yatsopano, musathamangire kunena kuti zakanika: imatha kutenga masiku 7 isanaonekere kwa aliyense.

Kuyesako ndikunena motsindika. Mu August 2020 atolankhani a za makompyuta analemba kuti ku kampani ya maodita ya KPMG munthu wina ankafuna kuchotsa akaunti imodzi pa retention policy ya Teams, koma molakwitsa lamulo lofufuta linagwira antchito pafupifupi 145,000, ndipo macheza awo anafufutika osabwereranso. Google nayo imachenjeza poyera kuti lamulo la Vault lolembedwa molakwika likhoza kuyamba kufufuta nthawi yomweyo zinthu zimene sizingabwezedwe. Lamulo losunga mukalilakwitsa mumangotaya malo ndi ndalama. Lamulo lofufuta mukalilakwitsa mulibe pobwerera. Choncho ine ndimayamba ndi kusunga kokha, kenako kufufuta ndimakuyatsa pa kagulu kakang'ono, ndipo kusintha kulikonse kumaonedwa ndi maso a anthu awiri. Pa zikalata zolemera ndimaika disposition review, imene imaimitsa fayilo nthawi yake ikatha mpaka munthu wosankhidwa ataiona n'kuvomera. Pamatsala umboni wa chimene chinatayidwa, liti, ndi amene analola, ndipo umboni umenewo ndi umene odita amafuna kuona. Koma musaike pa chilichonse. Wounika akapatsidwa mafayilo zikwizikwi pa mwezi amangodina kuvomera osawerenga.

Mphamvu ya lebulo imathera pa mpanda wa bungwe. Mukakopera fayilo pa flashi kapena kuitumiza ku imelo yanu yapanokha, kope imeneyo ilibe lebulo yosungira, ilibe wotchi, ndipo hold siiona. Mu December 2021 banki ya JPMorgan inalipira madola 200 miliyoni kwa SEC ndi CFTC, bungwe linanso loyang'anira misika ya zachuma ku America, chifukwa antchito ake ankakambirana za ntchito pa WhatsApp ndi pa mafoni awoawo, kumene banki sinkasunga kanthu. Mu September 2022 SEC inalipiritsa makampani ena a zachuma madola oposa 1.1 biliyoni pa mlandu womwewo. Amenewa ndi makampani okhala ndi zida zonse zosungira zikalata, koma zokambiranazo zinkadutsa kunja kwa zidazo.

Ngakhale mkati mwa mpanda muli dzenje limodzi limene ndimafunsa bungwe lililonse tsiku loyamba: munthu akachoka ntchito, zake zimapita kuti? Akaunti yake ikadilitidwa mu Microsoft 365, OneDrive yake imasungidwa masiku 30 ngati palibe amene anasintha nthawiyo, kenako imalowa m'bini. Bokosi lake la imelo limapulumuka pokhapokha ngati policy, lebulo kapena hold inali italigwira akauntiyo isanachotsedwe. Kawirikawiri kontrakiti yokhayo yosainidwa, imene aliyense ankati ili "penapake pa SharePoint", imapezeka kuti inali mu OneDrive ya munthu ameneyo, ndipo oyamba kuifunsa amabwera mwezi wachisanu ndi chimodzi.