Musanadine batani lojambulira, yambani mwaona kuwala

Kanema ndi zithunzi zoima zomwe zimasinthana mofulumira mpaka diso n'kumaona ngati zikuyenda. Mafilimu ambiri amajambulidwa pa zithunzi 24 pa sekondi, pomwe mawayilesi a kanema a m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito 25. Mukasankha imodzi mwa nambala zimenezi, shutter, kachitseko kamene kamatseguka n'kutsekeka polowetsa kuwala m'kamera, muiike pa 1/50 ya sekondi, kuti izitseguka pafupifupi theka la nthawi ya chithunzi chimodzi. Mukaikweza kufika pa 1/500, munthu woyenda amaoneka ngati akudukizadukiza, chifukwa kambuu kochepa kamene maso anazolowera pa chinthu choyenda kamasowa.

Oyamba kumene amakodwa apa. Dzuwa likaswa mtengo chithunzi chimayereratu, iwo n'kuthamangira ku shutter. Shutter isiyeni pomwepo. Tsitsani ISO, nambala yosonyeza mmene kamera imamvera kuwala, ndipo ngati kuwala kukadali kwambiri ikani galasi la ND kutsogolo kwa lenzi, lomwe limachepetsa kuwala popanda kusintha china chilichonse.

Bowo lolowetsa kuwala mu lenzi, lomwe ojambula amalitcha aperture, nalo lili ndi msampha. Pa f/2.8 bowolo ndi lalikulu: nkhope imaoneka bwino, zakumbuyo zili mbuu. N'zokongola ndithu, koma wosewera akangosendera kutsogolo pang'ono, maso ake sawonekanso akuthwa. Pojambula gulu la anthu kapena munthu woyenda, f/5.6 kapena f/8, pomwe bowolo limakhala laling'ono, siigwiritsa mwala. Pa nkhope sankhani lenzi ya 50mm kapena 85mm. Ya 24mm mukaiyandikiza kwambiri imakulitsa mphuno.

Nyali yaikulu muiike chakumbali, pafupifupi madigiri 45 kuchokera pomwe pali kamera, ndipo ikwere pang'ono kupitirira mutu. Mbali ina ya nkhope idzada. Mthunziwo musaufafanize wonse, ndi womwe umapatsa nkhope maonekedwe ake. Ingoufewetsani ndi nyali yofooka kapena katoni yoyera yobweza kuwala. Nyali yachitatu ikhale kumbuyo kwa munthu, yoloza tsitsi ndi mapewa, kuti asamatirire ku khoma.

Kuwala kulinso ndi mtundu, womwe umayezedwa m'ma Kelvin (K). Kwa masana kumakhala cha m'ma 5600K, kwa mababu a tungsten 3200K. Mukasakaniza ziwirizi, tsaya lina limafiira lina n'kuoneka labuluu, ndipo kukonza zimenezi pa kompyuta ndi ntchito yowawa. Zimitsani mababu kapena tsekani mawindo, kenako ikani white balance, yomwe imauza kamera chimene chili choyera, ndi manja poloza pepala loyera.

Chomaliza ndi mzere. Anthu awiri akamayankhulana, ganizirani mzere wochoka kwa wina kupita kwa mnzake, ndipo kamera isauwoloke. Mukauwoloka, amene amayang'ana kumanja adzapezeka akuyang'ana kumanzere polumikiza zidutswa, ndipo awiriwo adzaoneka ngati sakuyang'anana.