Usiku umene anyamata a Flint Firebirds anaponya majezi pansi

Lamulungu pa 8 Novembala 2015, timu ya achinyamata ya hockey ya pa ayezi ya Flint Firebirds inagonjetsa Oshawa Generals 4-3 pa mapenate, pakwawo mumzinda wa Flint, m'chigawo cha Michigan ku America. Oshawa inali itangotenga kumene Memorial Cup, chikho chachikulu cha hockey ya achinyamata ku Canada, ndipo Flint inachita kuchokera kumbuyo kuti ipambane. Ochemerera anatuluka m'bwalo mitima ili mbee. Usiku womwewo mwini timu, Rolf Nilsen, anachotsa ntchito mphunzitsi wamkulu John Gruden pamodzi ndi womuthandiza, Dave Karpa.

Osewera atamva, onse anakhamukira ku ofesi ya timu, n'kuponya majezi awo pansi, n'kunena kuti popanda aphunzitsi awo sasewera. Mmodzi mwa oponya majeziwo anali Håkon Nilsen, mnyamata wa zaka 17 wotchinga kumbuyo, mwana weniweni wa mwini timuyo. Atolankhani analemba kuti gwero la mkangano linali iyeyo: bambo ake ankaona kuti mphunzitsi sakumupatsa nthawi yokwanira yosewera.

Kwa amene anazolowera mpira wa miyendo, kulimbirana mphindi chonchi kungaoneke kwachibwana. Mu hockey ya pa ayezi mphindi ndi chuma. Masewero amatenga mphindi 60, zogawidwa patatu, ndipo nthawi iliyonse timu imakhala ndi osewera asanu ndi goloboyi pa ayezi. Liwiro lake ndi loopsa moti wosewera sakhalitsa, amalowa osakwana n'komwe mphindi imodzi, n'kulumphira pabenchi, wina n'kulowa masewero ali mkati. Wosankha wolowa ndi wotsala ndi mphunzitsi, ataima kumbuyo kwa benchi, akugunda anyamata paphewa mmodzimmodzi. Wotchinga kumbuyo wodalirika amatha kupitirira mphindi 20 pa masewero amodzi, pamene wina amangolawako. M'mipando ya anthu oonerera mumakhala akuluakulu ofufuza luso ochokera ku matimu a NHL, ligi yaikulu ya ku North America, ali ndi timabuku m'manja. Mphindi iliyonse imene mwana wa bwana wapatsidwa popanda kuyenerera, yalandidwa kwa mwana wa munthu wina amene tsogolo lake likulembedwa m'timabuku timeneti.

Ligi ya Ontario Hockey League, imene anthu amangoti OHL, ndi ya anyamata a zaka 16 mpaka 20. Nthawi imeneyo inali ndi matimu 20, atatu okha ali ku America: Flint, Saginaw ndi Erie. Mnyamata amasankhidwa ndi timu ali ndi zaka 15 kapena 16, n'kuchoka kwa makolo ake kupita kumzinda wachilendo, komwe banja lina limamusunga, kumuphikira ndi kumuonetsetsa kuti wapita kusukulu. Salandira malipiro enieni, koma kandalama kochepa kogulira zofunika ndi lonjezo la fizi ya ku yunivesite. Pa chaka amasewera magemu 68, ambiri ochita kuyendera maulendo ataliatali pa basi m'nyengo ya chisanu. Mwa ichi ochemerera matimu otere saona osewera ngati antchito olipidwa amene angawatukwane akagonja. Ena mwa ochemererawo ndi omwe amawasunga m'nyumba zawo. Mphunzitsi nayenso amasanduka ngati kholo, ndiye kumuchotsa pakati pa nyengo popanda chifukwa chomveka kumagwedeza anthu ambiri kuposa amene ali pabenchi.

Koma ukali wa anthu a ku Flint sunayambe usiku umenewo. Mzindawu ndi kumene kampani ya magalimoto ya General Motors inabadwira mu 1908. Pamene zinthu zinkayenda, cha m'ma 1960, munali anthu pafupifupi 200,000, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kampaniyi inkalemba ntchito anthu pafupifupi 80,000 m'deralo. Mafakitale atayamba kutsekedwa anthu anabalalika, moti pofika 2015 chiwerengero chinali chitatsika ndi theka. Ndi mzinda wozolowera kumva kuti akuluakulu okhala kutali agamula kale, inu mungolongedza katundu. Ndi mzindanso umene uli ndi mbiri yokana: kuyambira pa 30 Disembala 1936 mpaka pa 11 Febuluwale 1937, antchito a General Motors anachita sitalaka yokhala pansi m'kati mwa mafakitale masiku 44, osatuluka, mpaka kampaniyo inavomereza bungwe lawo la United Auto Workers. Mumzinda umene agogo ake anagonapo pansi m'fakitale, gulu la anyamata lonyanyala ntchito limodzi silingasowe oliikira kumbuyo.

Hockey nayo inali itawalumapo kangapo. Bwalo lawo linatsegulidwa mu 1969 ndi dzina loti IMA Sports Arena, ndipo chaka chomwecho munayamba kusewera Flint Generals, timu ya akuluakulu ya mu International Hockey League. Generals inatenga Turner Cup, chikho cha ligiyo, mu 1984, ndipo chaka chotsatira inasamukira ku Saginaw, mzinda woyandikana nawo chakumpoto. Kunabwera Flint Spirits, n'kutha mu 1990. Kunabwera Flint Bulldogs, n'kukhala zaka ziwiri zokha. Generals yachiwiri inayamba mu 1993, inatenga zikho mu 1996 ndi mu 2000, n'kufa mu 2010. Kenako Michigan Warriors, timu ya achinyamata ya ligi yocheperapo, inagwirizira bwaloli mpaka 2015. Munthu amene ankagula tikiti ya nyengo yonse ku Flint anali atasinthapo jezi kangapo osafuna.

N'chifukwa chake Nilsen atafika mu 2015 analandiridwa ndi manja awiri. Iye ndi wochokera ku Norway, mwini kampani ya IMS yopanga zitseko zosalowa madzi za sitima zapanyanja. Anagula timu ya mu OHL ya Plymouth Whalers kwa Peter Karmanos, n'kuisamutsira ku Flint komwe inatchedwa Firebirds, anagulanso bwalo lija n'kulikonza, dzina lake n'kukhala Dort Federal Credit Union Event Center. OHL ndi ligi yolemekezeka, yomwe imatulutsa akatswiri a NHL chaka ndi chaka, ndipo mzinda umene nkhani zake m'manyuzipepala zinali za umphawi ndi umbanda zokhazokha unapeza chonyadira. Mphunzitsi amene anasankhidwa anali wodziwika ku Michigan. John Gruden (asasokonezedwe ndi Jon Gruden wa mpira wa ku America) anaphunzira ndi kusewera pa Ferris State University, anasewerapo mu NHL ku Boston, Ottawa ndi Washington, ndipo ankaphunzitsa m'ndondomeko yosula achinyamata a timu ya dziko la America ku Ann Arbor. Karpa nayenso anadzera pa Ferris State ndi NHL.

Nkhani ya majezi itabuka, pa Twitter ndi Facebook anthu ambiri anaima ndi anyamatawo, ku Flint konko ngakhalenso ku Canada konse. Chimene chinakhudza anthu kwambiri chinali cha Håkon. Mnyamata amene bambo ake ankati akumumenyera nkhondo anasankha kuima ndi anzake. Ine ndimaona kuti pa anthu onse a m'nkhaniyi, iye ndiye anasenzetsedwa katundu wolemera popanda kufunsidwa. Akapatsidwa mphindi zambiri, anthu ati n'chifukwa cha bambo ake. Akapatsidwa zochepa, mphunzitsi atha ntchito. Panalibe poti n'kuponda.

Lolemba lake mkulu wa ligi, David Branch, analowererapo, ndipo tsikulo lisanathe Gruden ndi Karpa anabwezeretsedwa pa ntchito ndi makontrakiti a zaka zitatu. Nilsen anatulutsa chikalata chovomera kuti analakwitsa mosaganiza bwino. Osewera anatola majezi awo. Kwa ochemerera zinaoneka ngati nkhani yatha bwino, ana agonjetsa bwana.

Bata lake linali la pamwamba chabe. Timu inapitiriza kugonja kuposa kupambana, ndipo mu Disembala goloboyi wodalirika Alex Nedeljkovic ndi wotchinga kumbuyo Josh Wesley anawatumiza ku Niagara IceDogs. Pa 17 Febuluwale 2016, patangotha miyezi itatu ndi masiku ochepa chipepesereni, Nilsen anachotsanso Gruden ndi Karpa, n'kuika Sergei Kharin m'malo mwawo.

Nyengo imene izi zinachitika inakulitsa mkwiyo. Kuyambira mu Epulo 2014 mzinda wa Flint unkamwa madzi a mumtsinje wa Flint, amene anadya mapaipi akale mpaka mtovu n'kumalowa m'madzi a m'nyumba za anthu, ana n'kupezeka nawo m'magazi. Mu Januwale 2016 bwanamkubwa wa Michigan, Rick Snyder, analengeza kuti kuderalo kwagwa ngozi, ndipo Pulezidenti Barack Obama anachitanso chimodzimodzi. Anthu ankaima pamizere kulandira madzi a m'mabotolo. Mkangano wa hockey ndi waung'ono zedi poyerekeza ndi zimenezo, koma bwalo lija linali limodzi mwa malo ochepa kumene banja likanapita madzulo n'kuiwalako za pampopi. Kumenekonso anapeza munthu waudindo amene analonjeza china n'kuchita china.

Apa ndi pamene ochemerera anapanikizika zenizeni. Chida chokha chimene wochemerera ali nacho ndi kukana kugula tikiti. Koma kunyanyala magemu kukanatanthauza kuti anyamata a zaka 17, amene sanalakwe kanthu, azisewera pamaso pa mipando yopanda anthu, ndipo timu yosowa oonerera ku Flint aliyense ankadziwa kumene imathera. Kugula tikiti nakonso kunali kuika ndalama m'thumba la munthu amene ankamukwiyira, popeza timu ndi bwalo zonse zinali zake. Khoswe anali atakhala pamkhate. Ofuna kunyanyala anali ndi mfundo, okana kusiya ana okha analinso ndi mfundo, ndipo mbali zonse ziwiri zinkangofuna chinthu chimodzi, kuti mwini timu achotse dzanja lake pabenchi koma timu isachoke mumzinda.

Ligi ndiyo inali ndi mphamvu yochita zimenezo, ndipo ulendo uno sinazengereze. Branch anaimitsa Nilsen ndi Kharin, ligi n'kutenga utsogoleri wa timu. Joe Birch wa ku ofesi ya ligi anatumizidwa kukayang'anira zamasewero, Joe Stefan anagwirizira uphunzitsi mothandizidwa ndi Pat Peake mpaka nyengo itatha. Mu Epulo 2016, kafukufuku atatha, chigamulo chinatuluka: Nilsen analetsedwa kukhudza zamasewero a timu yake kwa zaka zisanu, analipitsidwa chindapusa cha madola 250,000, ndipo timu inalandidwa mwayi wake wosankha wosewera pa nambala yachitatu pa chisankho cha chaka chimenecho. Umwini wokha anamusiyira.

Sindikhulupirira kuti phokoso la ochemerera ndilo linakakamiza ligi kuchita nkhanza chotere, ngakhale linathandiza. OHL imadalira makolo. Nthawi imeneyo mnyamata waluso wa zaka 16 anali ndi njira ina, makamaka ya ku mayunivesite a ku America, ndipo timu imene yamusankha ikakhala ya mbiri yoipa, banja lake linkatha kungokana kumutumiza. Flint inali italawapo kale zimenezi mkangano usanayambe n'komwe: mu 2015 inasankha Ryan McLeod pa nambala yachitatu, iye osabwera, mpaka anamusinthanitsa n'kupita ku Mississauga Steelheads. Makolo akanayamba kukayika ngati ligi ingateteze ana awo kwa eni matimu, vuto likanafalikira matimu onse 20. Chilango cholanda mwayi wosankha wosewera chokha ndi chimene chimandivuta kuchimvetsa, chifukwa amene anachimva kuwawa ndi omwe aja ogula matikiti, amene timu yawo yofooka kale inamanidwa wosewera waluso pa mlandu wa munthu mmodzi.

Ligi inaika George Burnett kukhala woyendetsa timu ndi Ryan Oulahen kukhala mphunzitsi. Mwamwayi Flint inali ndi mwayi wina wosankha pa nambala yachisanu, umene inapatsidwa chifukwa cha kukana kwa McLeod, ndipo inatenga Ty Dellandrea, amene anavomera kubwera ndipo mu 2018 anasankhidwa ndi Dallas Stars ya mu NHL pa nambala 13. Mu nyengo ya 2016-17 Firebirds inafika m'ndime ya chipulula koyamba, n'kugonja kwa Sault Ste. Marie.

Gruden sanakhalitse pa ulova. Hamilton Bulldogs inamulemba ntchito mu 2016, ndipo Will Bitten, mmodzi mwa osewera akutsogolo aluso a Flint, anamutsatira komweko. Mu 2018 awiriwa anatenga chikho cha OHL ndi Hamilton, ndipo Gruden anapitirira ku NHL kukathandiza uphunzitsi ku New York Islanders, kenako ku Boston Bruins, asanakhale mphunzitsi wamkulu wa Toronto Marlies mu 2023. Anthu a ku Flint anaonera patali mphunzitsi amene anachotsedwa kawiri pakwawo akunyamula chikho ndi timu ina. Timu yawo inadutsa m'zaka zina zowawa, Oulahen n'kuchoka kumayambiriro kwa nyengo ya 2018-19, ndipo inadzuka bwinobwino mu 2022 pansi pa mphunzitsi Ted Dent, pamene inafika mu fainolo ya chigawo cha kumadzulo n'kugonja kwa Windsor Spitfires pa gemu yachisanu ndi chiwiri.